Laser Imatenga Masekondi 30, Nyundo ndi Sefa Zimatenga Masabata

Mwala umene mzinda wa Lusaka unamangidwapo aliyense amaudziwa. Ndi woyera uja amayi amaswa ndi nyundo m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga n'kuunjika milumilu kudikira omanga nyumba, mbale wake wa umene amawotcha ku Chilanga popanga simenti. Mutanyamula thumba la mwala umenewu kupita nalo ku labotale ya yunivesite yoyeza zaka za miyala ndi laser, kawirikawiri angakubwezereni, ndipo sikukhala kukuchitani mwano. Mwala wa laimu subereka kanjere kamene makinawo amakafuna kwambiri, ka zircon. Kuti mukapeze muyenera kutuluka m'tauni kulowera kumpoto chakumadzulo, kumene kuli granite ya Lusaka, mwala wolimba umene unapangika mwala wosungunuka utazizira pansi pa nthaka. Njere za m'granite imeneyi zinayezedwa kale, ndipo zinaonetsa zaka pafupifupi 820 miliyoni.

Zircon ndi kanjere kolimba ka zirconium, silicon ndi okosijeni. M'granite wamba tinjere take timatalika ma micron 50 mpaka 300, ndipo ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi. Pamene mwala wosungunuka ukuzizira, njereyo imalola yureniyamu kulowa m'malo mwa zirconium chifukwa n'zofanana msinkhu, koma mtovu imaukana. Ndiye kuti mtovu umene mungaupezemo lero unabadwira momwemo, kuchokera ku yureniyamu imene yakhala ikusanduka pang'onopang'ono. Yureniyamu-238 imasanduka mtovu-206, ndipo theka lake limatha m'zaka 4.47 biliyoni. Yureniyamu-235 imasanduka mtovu-207, iyo theka limatha m'zaka 704 miliyoni. M'kanjere kamodzi muli mawotchi awiri oyenda mosiyana, ndipo ubwino wonse wa njira imeneyi wagona pamenepo, chifukwa wotchi ina imakhala mboni ya inzake. Njere ya zaka 880 miliyoni imene sinasokonezedwe imakhala ndi maatomu 146 a mtovu-206 pa maatomu 1,000 alionse a yureniyamu-238, komanso mtovu-207 wochuluka ka 1.38 kuposa yureniyamu-235 yotsala. Manambala awiriwa akagwirizana pa chaka chimodzi, njereyo yanena zoona. Akasiyana, china chake chinaichitikira m'njira. Mzere wopindika woonetsa malo amene mawotchi awiriwa amagwirizana, umene amautcha concordia, anaujambula George Wetherill mu 1956, ndipo mpaka lero zotsatira zonse zimakaweruzidwa pa mzere umenewo.

Makina sayeza zaka. Amawerenga maatomu a kulemera uku n'kuyerekeza ndi a kulemera uko, basi. Zaka zimachokera m'masamu, ndipo masamuwo amalandira chilichonse chimene mwawapatsa.

Ntchito imayambira kuthengo. Pa granite, makilogalamu 2 mpaka 5 a mwala wamoyo amakwana, osati chigamba chofumbwa cha pamwamba, osatinso mwala wogubuduka umene simukudziwa kumene unachokera. Pewani pamene padutsa mitsempha ya mwala wina, chifukwa mtsempha uli ndi zaka zakezake. Miyala yakuda monga dolerite ndi gabbro imauma manja pa zircon: mukhoza kuswa makilogalamu 20 n'kupezamo tinjere towerengeka, ndipo nthawi zina mumasaka kanjere kenanso ka zirconium kotchedwa baddeleyite m'malo mwake, kanjere kopyapyala kamene kamathawa ndi madzi pokusefa. Swani mwalawo tizidutswa pa thanthwe lomwelo pamene mwautenga, kuti fumbi lililonse lomatirira likhale la mwala womwewo. Thumba lililonse lilembedwe kunja, ndipo kapepala kena kakhale mkati, chifukwa inki ya pa pulasitiki siichedwa kufufutika m'galimoto yodutsa misewu yafumbi.

Ku chipinda chophwanyira n'kumene zaka zambiri zabodza zimabadwira. Mwala umalowa m'makina a nsagwada, kenako m'chigayo cha mbale ziwiri zachitsulo, n'kusefedwa kuti patsale ufa wosapitirira ma micron 250 kapena 300. Aliyense amene anagayitsapo chimanga choyera pambuyo pa munthu wa mapira amadziwa zimene zimatuluka poyamba. Apa n'chimodzimodzi, kungoti njere imodzi yokha yotsalira m'ming'alu ya nsagwada ikhoza kusanduka "umboni" wa chinthu chimene sichinachitikepo. Choncho pakati pa thumba ndi thumba makina amamasulidwa, kukwechedwa ndi burashi yawaya, kuuziridwa mpweya wamphamvu ndi kupukutidwa ndi sipiriti. Nsalu ya sefa imakhala ya nayiloni yotaya ikagwira ntchito kamodzi, popeza sefa yachitsulo imasunga njere m'maso mwake ngakhale mutaitsuka bwanji. Osagaya mopitiriza: ufa ukhale ukusefedwa pafupipafupi kuti chimene chasalala kale chisabwererenso m'chigayo, apo ayi njere zazitali zimathyokathyoka.

Chotsatira ndi kupeta, kungoti ndi madzi. Quartz ndi feldspar, zimene zimadzaza granite, zimalemera magalamu pafupifupi 2.6 pa sentimita imodzi ya mbali zonse, pomwe zircon imalemera 4.6 mpaka 4.7. Tebulo logwedera la Wilfley, kapena mbale yosungulira ngati ya okumba golide, limachotsa zopepukazo. Zotsala zikauma, maginito a m'manja okulungidwa m'pepala amatola magnetite ndi tizitsulo tosupuka ku chigayo. Kenako makina a maginito a Frantz amachotsa biotite, garnet ndi amphibole, mphamvu ya magetsi ikukwezedwa pang'onopang'ono kuyambira pafupi ndi 0.4 ampere mpaka 1.5 kapena kuposa. Zircon yabwino siikokedwa. Pomaliza pamabwera madzi olemera. Mu bromoform, ya kulemera 2.89, quartz yotsala imayandama. Mu methylene iodide, ya 3.32, apatite imayandama ndipo zircon imamira. Madzi onse awiriwa ndi poizoni, amatsegulidwa m'kabati yokoka mpweya mokha, ndipo malabotale ambiri anasiya bromoform n'kutenga madzi a mchere wa tungsten amene sapweteka kwambiri. Miyala ya ku Copperbelt ili ndi vuto lake: pyrite nayo imamira, nayo siikokedwa ndi maginito, moti imakwirira zircon. Asidi wa nitric amaisungunula osakhudza zircon.

Pa makilogalamu onse aja pamatsala kafumbi kosadzaza ngakhale nsonga ya supuni ya tiyi. Munthu amakhala pa maikulosikopu ndi kasingano, kutola njere imodziimodzi n'kumaimata pa tepi yomata mbali zonse. Apa diso limanyenga. Dzanja limathamangira njere zazikulu, zoyera, zokongola, n'kusiya ting'onoting'ono tofiirira. Pa granite kusankha kotere n'kwabwino, chifukwa mukufuna njere zopanda ming'alu. Pa mchenga kapena sandstone n'kulakwa kwakukulu, popeza funso limakhala lakuti mchengawo unachokera ku mapiri ati, ndipo tinjere tonyansato tikhoza kukhala tokha toimira phiri lina. Pamenepo ndi bwino kungothira njere mosasankha. Pieter Vermeesch anawerengera mu 2004 kuti pamafunika njere 117 zoyezedwa bwino kuti munthu atsimikize, 95 pa 100, kuti sanaphonye gulu lililonse loposa magawo 5 pa 100 a njere zonse. Amene amayeza 40 n'kulemba kuti "kulibe njere za zaka zakutizakuti" amanena zimene sanazione.

Pa tepi paja amaikapo chikombole chozungulira cha mamilimita 25 n'kuthiramo epoxy, guluu wamadzimadzi amene amauma n'kulimba. Ikauma, imapalidwa ndi sanipepa wosalala mpaka njere zitang'ambika pakati, kenako imasalazidwa ndi phala la dayamondi la ma micron 6, 3 ndi 1. Mukapala pang'ono mumangoona khungu la njere. Mukapitiriza, ting'onoting'ono timatha kapena kuzuka. N'chifukwa chake njere zofanana kukula zimaikidwa pamodzi. Thovu la mpweya logona pambali pa njere limasunga dothi la phala, ndipo dothi limenelo lili ndi mtovu.

Laser isanayandikire, njere iliyonse imajambulidwa m'maikulosikopu ya ma electron pogwiritsa ntchito kuwala kumene njereyo imatulutsa ikawombedwa, njira yotchedwa cathodoluminescence. Amene amadumpha sitepe imeneyi pofuna kupulumutsa ndalama amataya zonse. Chithunzicho chimaonetsa kuti njere imene kunja imaoneka imodzi, mkati ndi nyumba yomangidwa kawiri kapena katatu. Mizere yopyapyala yozungulirazungulira ngati ya m'thunthu la mtengo imasonyeza kuti njereyo inakulira m'mwala wosungunuka. Pakati pakhoza kukhala mtima wobulungira, wotsalira ku mwala wakale umene unasungunuka koma zircon yake n'kukana. Kunja kukhoza kukhala mkombero wopanda mizere, umene unamera pamene mwalawo unapsa ndi kufinyika pansi pa mapiri, ndipo kawirikawiri thorium yake imachepa, osafika gawo limodzi pa magawo 10 a yureniyamu. M'miyala ya Irumide, imene yayala kuchokera cha ku Mkushi ndi Serenje kulowera kumpoto chakum'mawa, muli njere za mikombero ya zaka pafupifupi 1,020 miliyoni yokuta mitima yakale kwambiri. Laser ikaponda mwendo wina pa mtima, wina pa mkombero, imapereka nambala yapakatikati yooneka bwino ndithu, koma ya chaka chimene padziko sipanachitike kanthu.

Tsopano m'chipinda cha makina. Njira yolumikiza laser ku makina oyeza kulemera kwa maatomu m'plasma (lawi la mpweya wotentha kwambiri) anaionetsa koyamba Alan Gray ku England mu 1985, ndipo dzina lake lachidule ndi LA-ICP-MS. Malabotale ambiri lero amagwiritsa ntchito laser ya mpweya wa argon ndi fluorine, ya kuwala kwa ma nanometre 193, ena ya Nd:YAG ya 213. Kuwala kwafupi chonchi zircon imakumeza bwino, moti imaphulika kukhala utsi wosalala m'malo mosungunuka kapena kuthetheka zibenthu. Epoxy ija imatsukidwa ndi asidi wofooka ndi madzi oyera, n'kulowa m'kabokosi kotsekeka kodutsa helium. Kadontho ka laser kamakhala ka ma micron 20 mpaka 40, kocheperapo kunenepa kwa tsitsi. Poyamba imawomba kawiri kapena katatu ndi kadontho kokulirapo kuchotsa litsiro la pamwamba. Kenako makina amawerenga mpweya wokhawokha kwa masekondi 20 mpaka 30 laser ili chete, kuti adziwe zimene mpweyawo wabwera nazo. Ndiyeno laser imawomba kasanu mpaka kakhumi pa sekondi, ndi mphamvu ya ma joule 2 mpaka 4 pa sentimita ya mbali ziwiri, kwa masekondi pafupifupi 30. Kuwomba kumodzi kumakumba pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 a micron. Kuwomba ka 150 kumasiya kadzenje kakuya ma micron 15, ndipo zircon yonse yochokamo ndi ma nanogram pafupifupi 50.

Helium imanyamula utsiwo m'kapayipi, n'kusakanikirana ndi argon, n'kulowa m'lawi la plasma lotentha madigiri oposa 6,000. M'menemo chilichonse chimasweka kukhala maatomu a mphamvu ya magetsi. Amadutsa pa timabowo ta zitsulo ziwiri zosongoka za nickel n'kulowa m'chipinda chopanda mpweya, mmene amasiyanitsidwa potengera kulemera: 202, 204, 206, 207, 208, 232, 238, ndipo ena amawonjeza 235. Ambiri yureniyamu-235 saiyeza, amangogawa 238 ndi 137.818, nambala imene inalowa m'malo mwa 137.88 yakale kuyambira mu 2012. M'mawa uliwonse makina amachunidwa pa galasi loyesera lodziwika zimene lili nazo, la NIST 610 kapena 612, mpaka thorium ndi yureniyamu ziziwerengeka mofanana ndipo thorium yogwirana ndi okosijeni isafike theka la gawo limodzi pa 100.

Nachi chimene ongoyamba sakhulupirira: nambala yotuluka m'makina imakhala yolakwika nthawi zonse. Mtovu umauluka msanga kuposa yureniyamu. Dzenje likamazama, yureniyamu ina imamatirira m'makoma ake pomwe mtovu ukutuluka, moti m'masekondi 30 omwewo njere imodzimodziyo imaoneka ngati ikukalamba. Nawo makina amasuntha pang'onopang'ono tsiku likamapita, zitsulo zija zikamada ndi chipinda chikamatentha. Mankhwala ake ndi a pamsika: sikelo imayesedwa ndi mwala wodziwika kulemera. Pakatha njere zisanu kapena khumi zosadziwika, laser imabwerera pa zircon yodziwika zaka, n'kuiwomba ndi kadontho komweko, mphamvu yomweyo, nthawi yomweyo. Yotchuka ndi 91500, njere imodzi yaikulu yochokera ku Ontario, Canada, ya zaka 1,065 miliyoni. Pali Plešovice ya ku Czech Republic ya zaka 337 miliyoni, Temora ya ku Australia ya 417 miliyoni, ndi GJ-1 ya zaka zopitirira pang'ono 600 miliyoni. Imodzi imakhala yokonzera manambala. Yachiwiri, makamaka yachitatunso, imayezedwa ngati yosadziwika, ndipo ikapanda kutulutsa zaka zake zenizeni ntchito ya tsiku limenelo ndi yokayikitsa yonse. Lipoti lopanda zotsatira za zircon yachiwiriyi musalilandire, ngakhale litachokera ku labotale ya dzina lotani.

Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, njere nayo ili ndi matenda ake. Oyamba ndi mtovu wolowerera, umene sunabadwe ku yureniyamu ya m'njeremo: wa m'ming'alu, wa m'tinthu totsekeredwa mkati monga feldspar ndi apatite, wa m'fumbi la m'chipinda. Mtovu wa m'dothi la ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994, ndi wa mtundu umenewu, ndipo thumba lochokera kumeneko lisatsegulidwe pafupi ndi pokonzera njere. Mtovu wolowerera umakalambitsa njere. Chizindikiro chake ndi mtovu-204, umene suchokera ku yureniyamu, koma tsoka ilo mercury-204 imalemera chimodzimodzi, ndipo mercury imabwera ndi mpweya wa m'masilinda. N'chifukwa chake amayeza 202, kuti awerengere mercury n'kuichotsa, ndipo pa payipi ya helium amaikapo msampha wa golide woigwira. Pa makina ambiri chotsalacho chimachepa kwambiri moti kukonza nacho kumawononga kuposa kungotaya njereyo.

Matenda achiwiri ndi kutaya mtovu. Yureniyamu-238 iliyonse isanafike pa mtovu imaponya tizidutswa ta alpha kasanu ndi katatu, ndipo kuponya kulikonse kumagumula makoma a njere mkati. Njere ya yureniyamu yambiri, pakatha zaka mamiliyoni mazanamazana, imafumbwa ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, madzi n'kumalowa kukokolola mtovu. Pa chithunzi chija cha cathodoluminescence imaoneka yakuda bii. Imatuluka ndi zaka zochepa kuposa zake zenizeni, ndipo imagwera kunsi kwa concordia. Njere zingapo zotere zikandandalika pa mzere woongoka, pamene mzerewo wadula concordia kumtunda ndi pa zaka zobadwa, ndipo kumunsi ndi pa nthawi imene mtovu unatayika, ngati unatayika kamodzi. Choopsa chili pa njere za zaka zosafika 600 miliyoni, monga za granite za Hook chakumadzulo kwa dziko lino, za nthawi ya mapiri a Lufilian. Pa msinkhu umenewo concordia imakhala pafupifupi yoongoka, ndiye njere yotaya mtovu pang'ono imangotsetsereka motsata mzerewo, n'kumaonekabe ngati yabwinobwino. Munthu akatola njere imodzi ya zaka zochepa kuposa zonse n'kunena kuti ndiyo zaka za mwala, kawirikawiri watola yodwala.

Kusanthula kumachitika pa kompyuta, ndi mapulogalamu monga Iolite ndi Glitter, ndipo zojambula ndi IsoplotR kapena Isoplot yakale ya Ken Ludwig. Kadontho kalikonse kamayang'anidwa pakokha: pamene laser inabowola n'kugwera mu epoxy, kapena kulowa mu mtima wakale, chigawo chimenecho chimadulidwa. Pa njere zimene si zakale kwambiri zaka zimatengedwa ku mtovu-206 ndi yureniyamu-238, chifukwa mtovu-207 umachepa kwambiri. Pa zopitirira zaka 1,000 mpaka 1,500 miliyoni, malinga ndi labotale, amatenga mtovu-207 poyerekeza ndi mtovu-206. Njere zimene mawotchi ake asiyana kuposa magawo 5 kapena 10 pa 100 zimaikidwa pambali, ndipo malire amenewa asankhidwe zotsatira zisanaoneke. Nambala ya MSWD, yoonetsa mmene zaka za njerezo zamwazikira poyerekeza ndi kukayikitsa kwa muyeso, ikakhala pafupi ndi 1, njerezo ndi za banja limodzi. Ikafika 4 kapena 5, mwasakaniza mabanja kapena muli zodwala, ndipo kuchotsa njere imodziimodzi mpaka nambalayo itatsika ndi kuphika zotsatira.

Pali malire amene kuchulukitsa madontho sikungawadumphe. Madontho 30 akhoza kupereka avereji yooneka yakuthwa, koma kukayikitsa kwa zircon yokonzera ija ndi kusinthasintha kwa makina tsiku ndi tsiku sikuchepa ndi avereji. Zoona zake, njira ya laser imalondola mpaka gawo limodzi kapena awiri pa 100. Pa mafunso ambiri a m'dziko muno zimenezi n'zokwana. Granite ya Nchanga ku Chingola ili ndi zaka pafupifupi 880 miliyoni, ndipo miyala ya Roan yosunga mkuwa inayalidwa pamwamba pake granite itakokoloka kale, ndiye Roan singapose zaka zimenezo. Ziphalaphala za Mwashya za cha ku Mwinilunga, zogona pamwamba pa Roan, zili ndi zaka pafupifupi 765 miliyoni. Kusiyana kwa zaka zoposa 100 miliyoni laser imakuona mosavuta. Koma mitsempha ya mkuwa ya ku Kansanshi inapereka zaka za m'ma 512 ndi 502 miliyoni pa njere za mtundu wina zotchedwa molybdenite, mwa njira ya rhenium ndi osmium, ndipo kusiyana kwa 10 miliyoni pa 500 miliyoni kuli pa malire penipeni pa zimene laser ingalekanitse. Funso lotero pa zircon limafuna njira ina yotchedwa ID-TIMS, mmene njere imawotchedwa pa madigiri 900 kwa masiku awiri, mbali zofumbwa n'kudyedwa ndi asidi wa hydrofluoric monga anaonetsera James Mattinson mu 2005, yotsalayo n'kusungunulidwa yonse. Imeneyo imalondola mpaka gawo limodzi pa 1,000, koma njere zochepa zimadya masabata, pomwe laser imayeza mazana pa tsiku.

Wofuna kuimika labotale yotere mu Lusaka aganizire za mpweya ndi magetsi asanaganize za mtengo wa laser. Plasma imadya malita 15 mpaka 18 a argon pa mphindi. Silinda ya malita 50 yodzazidwa pa 200 bar imasunga malita pafupifupi 10,000, kutanthauza maola khumi okha, ndiye pamafunika mulu wa masilinda olumikizana kapena thanki ya argon yamadzi. Helium imachokera kunja ndipo imadula. Mpweya wa laser uli ndi fluorine, umafooka ngakhale makina atangokhala, ndipo umafuna kabati yakeyake yotulutsira mpweya panja. Malaiti akathima mwadzidzidzi, monga zinkachitikira maola ambirimbiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, plasma imazima, mapampu othamanga kwambiri a chipinda chopanda mpweya amaima mokakamizika, ndipo kubwezeretsa zonse m'malo kumadya maola ambiri, mwinanso tsiku. Jenereta yokha siikwana, chifukwa masekondi amene imatenga kuti idzuke ndi okwanira kuzimitsa zonse. Pakati payenera kukhala UPS yaikulu, mabatire olandirira magetsi nthawi yomweyo, yonyamula makina, mapampu ndi choziziritsira madzi. Kutentha kwa chipinda kusasinthe kuposa digiri imodzi kapena ziwiri, ndipo fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala lisapeze polowera.

Pakali pano, wophunzira wa ku School of Mines ku UNZA kapena katswiri wa ku Geological Survey amene akutumiza miyala ku malabotale monga a ku Stellenbosch kapena University of Johannesburg akhoza kuchepetsa mtengo pochita yekha mbali yoyamba, ngati ali ndi chigayo chimene angachitsuke mokhulupirika. Kabotolo ka njere zolemera kamayenda motchipa kuposa thumba la makilogalamu asanu, ngakhale chilolezo cha boma chotulutsira zitsanzo kunja chimafunikabe. Theka la mwala uliwonse litsale kuno, pamodzi ndi kachidutswa kopyapyala koonera pa maikulosikopu. Potumiza, lembani mtundu wa mwala, malo ake enieni a GPS, chimene mwalawo wadula ndi chimene chaudula, ndi funso limene mukufuna liyankhidwe, chifukwa woika madontho ayenera kudziwa ngati mukusaka mitima, mikombero kapena zonse. Pobwera zotsatira, pemphani zithunzi za njere zoonetsa pamene kadontho kalikonse kanagwera, tebulo lonse kuphatikizapo madontho amene anatayidwa, manambala a zircon zodziwika za tsiku lomwelo, ndiponso epoxy yanu ija ibwezedwe, popeza theka la njere iliyonse likadali momwemo ndipo likhoza kuyezedwanso.